Mabeseni Atatu a Mpongozi Wanga

Lachitatu, pa 4 Malichi

Andigoneka m'wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera. Ndikulemba kuti ndisaiwale zimene akundichita, chifukwa mwana wanga akandifunsa ndimangoti "andibaya", iye n'kumakwiya.

Thupi latentha kufika 39.6. Kutsegula m'mimba ndi kusanza zinayamba Lolemba. Dilipi ili kudzanja lamanzere. Atenga magazi ndi chimbudzi kukayeza.

Adokotala akuti ndadya chakudya choipa. Ine, mwini kantini, amene ndimathamangitsa ntchentche imodzi mpaka kumsewu! Manyazi akundipweteka kuposa m'mimbamu.

Lachinayi, pa 5

39.2. Dilipi yapitirira. Andipatsa madzi a mchere ndi shuga, ndimwe pang'onopang'ono. Ndabweza.

Mwana wanga wabwera nkhope itagwa. Amakanika awiri a pagalaja loyandikana nafe, amene amadya kwathu masana, nawonso adwala, ngakhale iwo sanawagoneke. A zaumoyo atseka kantini, atenga mipeni, matabwa odulirapo ndi tina ndi tina kukayeza.

Mphamvu zolembera zathera pomwepa.

Lachisanu, pa 6

38.8. Zotsatira zabwera. Kachilomboka dzina lake ndi salimonela, ndipo kalowa mpaka m'magazi. Andiyambitsa mankhwala a m'mtsempha, kamodzi patsiku, m'mawa. Akamalowa dzanja limazizira. Adokotala akuti kachilomboka kamakonda nkhuku yaiwisi ndi mazira, koma moto umakapha. Ndiye kanandipeza bwanji ine wopsereza nkhuku mpaka fupa?

Yankho labwera ndi akulu anga nthawi yoona odwala. Akulu angawa kukantini timawatcha a Kapitawo. Ine ndimakhala pamoto, iwo mbale ndi mapoto, ndipo m'beseni lawo simulowa dzanja la munthu wina. Alowa m'wodi ngati abwera kudzayendera anesi, akhala pabedi langa osandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

"Ndi saladi uja," atero. "Zaka zonsezi taphika popanda wodwala. Angobwera a Dikirani ndi masamba awo osaphika, taona lero."

A Dikirani ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga. Anaphunzira zophika kusukulu, ndipo chibwerereni kukantini amatsuka zake m'mabeseni atatu: loyamba la sopo, lachiwiri la madzi okha, lachitatu la kolorini, momwe amaviika zinthu n'kuima manja ali m'chuuno. Munthu akati atolemo mpeni, iye amati, "Dikirani pang'ono." Dzina linachokera pamenepo.

N'zoona, Loweruka ndinadya saladi wake, wa kabichi ndi tomato. Amakanika aja anadyanso.

"Ndamuuza kuti asaponde kuno, ndipo chakudya chake chisafike pakamwa pako," apitiriza akulu anga. "Kantini akatsegula, asankhe mwana wakoyo, ife kapena mkazi wake."

Ndinafuna kuyankha, koma m'mimba munandiitana.

Loweruka, pa 7

38.3. Mankhwala a m'mtsempha m'mawa. Ndamwa tiyi theka la kapu ndipo wakhazikika.

Mwana wanga akuti mkazi wake walongedza chikwama. Sakudya, sakulankhula, akungodikira kumva kuti ndatuluka kuti apite kwa makolo ake. Akuti sangakhale pabanja pamene akumuloza chala kuti anafuna kupha apongozi ake. Mwana wanga wanena zimenezi akuyang'ana nsapato zake. Ndamumvera chisoni, koma ndamupseranso mtima. Mwamuna wamkulu ndevu pepeya, kulephera kuima pakati pa mkazi wake ndi amayi ake aakulu!

Mpongozi ameneyu ndimamukonda. Ndilembe poyera, popeza pakamwa sindinamuuzepo. Akachoka, nyumba ya mwana wanga yatha, ndipo ine ndidzakhala ndachira pachabe.

Bedi la kumanja kuli mayi wa matenda a shuga, chilonda cha kuphazi chikuchedwa kupola. Anali mphunzitsi wa sayansi kusekondale, anapuma. Wodi yonse imawatcha Aphunzitsi, chifukwa ngakhale anesi akalakwitsa mawu amawakonza. Amva zonse za dzulo, makutu awo sagona.

"Mayi," atero, "mawa mukapeza mphamvu, ndikuonetseni mdani wanuyo. Simungaweruze mlandu wa munthu amene simukumudziwa nkhope."

Lamulungu, pa 8

37.9. Kuchimbudzi ndapita ndekha, ndikukoka chitsulo cha dilipi ngati mbuzi yokana kuyenda.

Aphunzitsi asunga lonjezo. Atenga kajumbo ka mankhwala, athiramo madzi, amanga kukamwa, n'kukakweza m'mwamba kuti wodi yonse ione.

"Kachilombo kamodzi ndi kameneka. Selo imodzi basi, kochepetsetsa moti pansonga ya singano pangakhale chikhamu. Kunja kali ndi khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kuli kachikopa kopyapyala kopangidwa ndi mafuta. Kachikopa kameneka ndiye mlonda: kamalowetsa chakudya, kamatulutsa zoipa, kamasunga madzi ndi mchere kuti zisatayike. M'katimo muli mapuloteni, antchito ake, ena ogaya chakudya, ena opanga mphamvu, ena osoka pong'ambika. Pakati pali ulusi wautali wa malangizo, kuti kakafuna kubereka kadziwe pokopera."

Gogo wa bedi la pakhomo afunsa ngati kali ndi mano. Aphunzitsi ati ayi, ndipo asawasokoneze.

Kenaka aloza botolo la sanitaiza limene anesi amapaka m'manja. "Umu muli sipiriti. Iyeyu amasungunula mafuta a kachikopa kaja." Atenga pini, aboola kajumbo, madzi chuu pabulangete. "Zam'kati zikutayika. Ndiye amalowa n'kukagwira antchito aja. Inu ophika, choyera cha dzira chikagwa m'mafuta otentha chimatani?"

"Chimalimba," ndayankha.

"Chimabwereranso kukhala chamadzi?"

"Ayi."

"Antchito ake amatero kumene. Kachilombo kafa."

Anesi aakulu apeza bulangete lanyowa ndipo Aphunzitsi akalipiridwa ngati mwana wa sukulu. Taseka wodi yonse, ine mpaka m'mimba kupweteka. Aka n'koyamba kuseka chibwerereni.

Lolemba, pa 9

37.4. Magazi atenganso. Adokotala akuti mankhwala akugwira, ndiyambe phala lamadzimadzi.

Ndafunsa Aphunzitsi za kolorini, poti ndi amene timagwiritsa ntchito kukantini. Maso awo anawala ngati ndawapatsa switi yoletsedwa ija.

Akuti kolorini akasungunuka m'madzi amasanduka tinthu tating'ono kwambiri totha kudutsa khoma ndi kachikopa komwe. Akalowa amawononga chilichonse chimene wakhudza, monga dzimbiri limadyera chitsulo, koma mwamsangamsanga. Amaboola kachikopa, amapundula antchito opanga mphamvu, amadula ulusi wa malangizo. Kachilombo kamafa mbali zonse nthawi imodzi.

"Koma ali ndi vuto," atero. "Alibe maso. Sasiyanitsa kachilombo ndi nyenyeswa ya nyama. Mukamuthira m'madzi a mafuta ndi zotsalira za m'mbale, amalimbana ndi zimenezo mpaka mphamvu zake kutha, tizilombo tili phee kuonerera. N'chifukwa chake mumayamba mwatsuka ndi sopo, n'kutsukuluza, iye n'kumalizira pa chinthu choyera kale."

Ndafunsa za kudikira kuja.

"Kuboola khoma kumafuna nthawi, mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukavuula msanga mwangokavulaza. Ndipo kovulala kamachira, mayi. Kamagona phee, antchito otsala n'kusoka kachikopa, mawa kadzuka, mkuja kabereka."

"Ngati ine," ndatero.

"Ngati inu ndendende. Anakuvulazani, sanakumalizeni."

Awonjeza kuti m'ming'alu ya thabwa lakale tizilombo timamanga mudzi, n'kudzifunditsa ndi zonanda, moti mankhwala ofooka amangodutsa pamwamba.

Ndagona chagada, maso kudenga. Ndimaona beseni la akulu anga: limodzi, lalikulu, madzi otuwa a thovu, mafuta akuyandama, iwo n'kuthiramo kolorini mosayeza, kununkhiza, n'kunena kuti, "Eya, wamveka." Kale zonse zotuluka m'khitchini mwathu zinkadutsa pamoto, ndiye moto unkatibisira. Saladi sadutsa pamoto.

Ndauza mwana wanga kuti mawa phala langa aphike mkazi wake, ndipo abwere nalo yekha. Wati, "Nanga amayi aakulu?" Ndati wodwala ndine.

Lachiwiri, pa 10

37.0. Dilipi ya madzi achotsa, yatsala singano ya mankhwala yokha.

Mpongozi wanga wabwera. Waonda, maso atupa. Waima kumiyendo kwa bedi atagwira kontena ndi manja awiri, osayandikira.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Khalani apa. Ndiuzeni za Loweruka lija, kabichi munadulira pati?"

Wayang'ana pansi. Ndafunsanso. Ndiye zatuluka pang'onopang'ono. Tsiku limenelo anthu anachuluka, akulu anga anati mabeseni atatu akutsekereza njira, anawakhuthula n'kuwakweza pamwamba pa kabati. Thabwa lake la masamba linali lisanatsukidwe. Anamupatsa thabwa lathu lakale lodulirapo nkhuku, atalivuula m'beseni lawo, n'kumuuza kuti, "Nunkhiza wekha, mankhwala okhaokha. Anthu akudikira."

"Bwanji simunanene masiku onsewa?"

"Ndikanena ndiye kuti ndikuwaneneza amayi aakulu. Komanso ndinalandira ndine thabwalo. Ndinaopa kuwayankha."

Tili pomwepo akulu anga atulukira ndi fulasiki ya msuzi wa nkhuku. Atamuona anangoti chilili.

"Iwe, ukufuna akumalize?" atero kwa ine.

Ndatsegula kontena, ndatenga supuni, ndadya. Ndadya pang'onopang'ono, ndikuwayang'ana m'maso, mpaka kukokota pansi. Phala losalala, lopanda mbulu ndi imodzi yomwe. Aphunzitsi aombera m'manja, gogo wa pakhomo aimba nthungululu mpaka anesi kusuzumira. Mpongozi wanga amalira mosatulutsa mawu.

Akulu anga anyamuka osatsanzika. Fulasiki aiwala.

Phala lakhazikika.

Lachitatu, pa 11

36.8. Adokotala akuti magazi a Lolemba ndi oyera. Tizilombo tagonja! Ndinafuna kuwakumbatira koma anali atafika kale bedi lina.

Bambo wa zaumoyo amafuna kudzandifunsa mafunso, ndiye ndinapempha kuti abwere nthawi yoona odwala, onse alipo. Wabwera, munthu wamfupi wolankhula mofatsa. Akulu anga abwera ndi msuzi wina, akhala patali ndi mpongozi wanga, mwana wanga pakati ngati mtengo.

Bamboyo wati salimonela amupeza m'ming'alu ya thabwa la nkhuku. Pa mipeni ndi thabwa la masamba la mpongozi wanga sanapeze kanthu.

"Thabwa limenelo ndinatsuka ndine," akulu anga adumphira, "ndi kolorini wambiri, fungo mpaka kumsewu. Musandiphunzitse kutsuka, bambo, ndinayamba inu musanamere mano."

Bamboyo sanatsutse. Wapempha anesi makapu awiri ndi kolorini pang'ono, wamusungunula kufika mlingo wa kukhitchini, wagawa m'makapu onse. Watulutsa timapepala toyezera, wati tikakumana ndi kolorini wamphamvu timasintha mtundu. Waviika m'kapu yoyamba, kapepala kada bii. Kenaka wapempha msuzi wa akulu anga, wathira m'kapu yachiwiri, wavundula, wadikira pang'ono.

"Mayi, tanunkhizani. Wamphamvu ndi uti?"

Akulu anga anunkhiza yoyamba, anunkhiza yachiwiri, akwinya mphuno. "Uyu wa msuziyu. Akulasa m'mphuno."

Waviika kapepala m'kapu ya msuziyo. Katuluka kotuwa, pafupifupi mmene kanalowera.



"Fungo lolasalo," watero bamboyo, "limatuluka kolorini akamenyana ndi zotsalira za nyama. Ndi fungo la mankhwala amene atha kale ntchito. Wamphamvu sanunkha kwambiri."

Aphunzitsi alephera kupirira. "Ndinanena ine! Alibe maso!" Anesi awauza kuti agone.

Akulu anga atenga timapepala tiwirito, atiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anunkhizanso kapu ija ngati mphuno isintha maganizo. Ndinawamvera chisoni, chifukwa manja amenewo atsuka mapoto athu mpaka zala kupindika, ndipo sanafunepo kudwalitsa munthu. Koma chisoni changa sichinafike poti ndibweze mawu.

"Akulu," ndatero, "munati mwana wanga asankhe. Ndasankha ndine. Mpongozi wanga sapita kulikonse, inunso simupita kulikonse. Lipite ndi thabwa."

Bamboyo wati akaona thabwa latsopano ndi katsukidwe koyenera, kantini atsegula.

Lachinayi, pa 12

36.7. Singano achotsa, tsopano ndi mapiritsi, m'mawa ndi madzulo, ndimalize onse ngakhale ndikumva bwino. Adokotala atsindika zimenezi kawiri. Ndawauza kuti asavutike, ndikudziwa kuti wovulala amachira. Andiyang'ana modabwa, Aphunzitsi akuseka m'bulangete.

Ndadya mpunga ndi nthochi. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera popanda kugwira khoma.

Akulu anga sanabwere. Mwana wanga akuti chikwama chija chamasulidwa, zovala zabwerera m'kabati. Wanena akumwetulira ngati wagwira ntchitoyo ndi iyeyo. Ndamusiya, ndi mwana wanga.

Lachisanu, pa 13

Akuti mawa ndituluka. Pamoto ndisabwerere mpaka chimbudzi atachiyezanso n'kupeza kuti mulibe kanthu, chifukwa munthu amatha kuchira koma n'kumagawabe tizilombo. Ndiye ndizikakhala pampando n'kumalamula ndi pakamwa. Ntchito imeneyo ndimaitha.

Chilonda cha Aphunzitsi chayamba kuuma m'mbali. Ndawalonjeza saladi akadzatuluka. Ati adzabwera ndi kapepala kawo koyezera.

Akulu anga lero sanabwerenso. Mtima wanga suli m'malo. Ndapambana mlandu, koma m'bale wanga ndi mmodzi yekha.

Loweruka, pa 14

Ndatuluka! Ndatsika masitepe ndi miyendo yanga, mwana wanga akunyamula chikwama. Dzuwa linandithobwa m'maso ndipo ndinasangalala nalo ngati ndaliona koyamba.

Ndinati tidzere kukantini ndingoona chitseko. Tapeza chitseko chakumbuyo chili chotsegula, m'katimo mukumveka madzi. Ndasuzumira mwakachetechete.

Mabeseni atatu atsika pakabati, ali pamzere. Thabwa lakale, limene a zaumoyo abweza, lili panja, lowazidwa pakati ndi nkhwangwa, ndipo kuwaza koteroko ndikukudziwa, ndi kwa akulu anga akapsa mtima. Patebulo pali matabwa awiri atsopano. Mpongozi wanga amayeza kolorini ndi kachivindikiro, akulu anga ali pambali pake, manja m'thovu mpaka m'zigongono, akukonzekera kubwera kwa a zaumoyo Lolemba.

Akulu anga atsuka mpeni, atsukuluza, auponya m'beseni lachitatu. Usanafike n'komwe pansi, dzanja lawo lanyamuka kale kuti liuvuule, monga lazolowera zaka zonsezi. Mpongozi wanga watsegula pakamwa, n'kutsekanso. Waopa.

Akulu anga aona. Dzanja laima m'malere.

"Nenatu," atero, osamuyang'ana. "Dzina tinakupatsa kale."

"Dikirani pang'ono, amayi aakulu."

Akulu anga abweza dzanja, alipukuta pa epuloni, aika manja onse m'chuuno. Aima choncho awiriwo, phewa ndi phewa, akuyang'ana mpeni m'madzi. Ine pakhomo misozi ili chuchuchu, ndipo sindinawasokoneze. Nanenso ndinadikira.